Chilengezo: Msonkhano wa Zosamalira Chilengedwe m'Mabwalo a Gofu

Kwa mamembala onse ogwira ntchito yosamalira kapinga m'mabwalo a gofu muno mu Johannesburg,

Tikukudziwitsani kuti Lamulungu likubwerali tidzakumana ku Zoo Lake, ku Parkview, kuyambira 2 koloko masana, kuti tikambirane za kasamalidwe ka madzi, mitengo ndi zamoyo zimene zimakhala m'malo athu antchito.

Nkhani yaikulu idzakhala ya mankhwala. Poizoni wa makoswe amaphanso akadzidzi amene adya makoswewo, pamene feteleza wothiridwa mopyola muyezo amakokoloka ndi mvula n'kukalowa m'mitsinje ngati Braamfontein Spruit, ndipo kumeneko amachulukitsa ndere zimene zimamana nsomba mpweya. Ambiri a ife ndife amene timagwira mpope wopopera ndi manja athu, choncho nkhaniyi ikutikhudza kuposa osewera. Tidzaphunzitsananso kuzindikira zomera zachilendo zimene malamulo a dziko lino amalamula kuti zithetsedwe, monga lantana ndi bugweed, komanso kachirombo ka shot hole borer, kamene kanapezeka mu South Africa mu 2017 ndipo kakuumitsa mitengo yambiri mumzinda uno. Za kuthirira usiku ndi kusiya udzu wautali kuti nkhanga zizikhalamo tidzazikhudza mwachidule.

Membala aliyense abwere ndi R50 ya chakudya, kope ndi cholembera, ndiponso zithunzi za pafoni za mitengo yobooka kapena zisa zimene waona kuntchito kwake.

Chonde yankhani pa gulu lathu la WhatsApp pofika Lachinayi madzulo, kutsimikiza ngati mudzabwere kapena ayi.

Mlembi wa gulu