Chilengezo: Zokambirana Zokhudza Chiwombankhanga cha ku Philippines

Mamembala onse okonda mbalame,

Tikukudziwitsani kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno tidzakambirana za chiwombankhanga cha ku Philippines, chomwe asayansi amachitcha Pithecophaga jefferyi, ndipo bungwe la IUCN, loona zosamalira zachilengedwe padziko lonse, linachiika m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu.

Mbalameyi imapezeka m'nkhalango zowirira za pa zilumba zinayi zokha, za Luzon, Samar, Leyte ndi Mindanao. Ikatambasula mapiko imafika pafupifupi mamita awiri, ndipo imadya anyani, njoka, mileme ndi tinyama tina ta m'mitengo. Chomwe chatikhudza kwambiri ndi kaberekedwe kake: yaimuna ndi yaikazi zimakhala limodzi moyo wonse, koma zimaikira dzira limodzi lokha pa zaka ziwiri, chifukwa mwana amadalira makolo ake kwa miyezi yambiri asanayambe kusaka yekha. Motero chiwombankhanga chimodzi chikawomberedwa, kapena mtengo wa chisa ukadulidwa, pamapita zaka kuti chiwerengero chibwerere. Akuti m'tchire mwatsala mabanja pafupifupi 400 okha.

M'chaka cha 1995 Pulezidenti Fidel Ramos analengeza kuti iyi ndiyo mbalame ya dziko lawo. Tidzamvanso za Pag-asa, chiwombankhanga choyamba cha mtunduwu kuswedwa m'manja mwa anthu, mumzinda wa Davao pa chilumba cha Mindanao mu 1992, chomwe chinafa mu 2021.

Tikupempha aliyense afike pa nthawi yake, ndipo amene ali ndi mafunso awatumize kwa mlembi tsikulo lisanafike.

Komiti