Kuzimitsa nyali ya check engine si kukonza galimoto

Akonzi,

Ndipatseni mpata ndilankhuleko ndi anzanga oyendetsa ma Sienta komanso amakaniko a kuno ku Kasungu. Ine ndimanyamula anthu kuchoka pa boma kupita ku Mtunthama, nthawi zina mpaka ku Chamama, ndipo galimoto imeneyi ndiye munda wanga.

Mu Ogasiti muno, kanyali kachikasu kooneka ngati injini kanayaka pa dashibodi. Ndikaima pa siteji galimoto inkanjenjemera, pokwera chitunda n'kumalefuka. Ndinapita pa galaja ina pa boma pompano. Mnyamata anatulutsa kamakina kowerenga mavuto pa kompyuta ya galimoto, n'kukalumikiza pa soketi ya mabowo 16 ili kunsi kwa chiwongolero, anadina kawiri, nyali thi! Ndinalipira K10,000 ndikusangalala. Tsiku lomwelo, ndili ndi anthu m'galimoto, nyali ija inayakanso. Nditabwerera anati ndigule mapulagi onse anayi, ndinagula. Ulendo wachitatu anandiuza kuti ndingomatapo tepi yakuda, ati ma Sienta onse ndi otero. Mawu amenewa anandipweteka kuposa ndalama zija.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonzera pansi pa mtengo wa mango. Kamakina kawo kanaonetsa P0302, ndipo asanafufute anandilembetsa nambalayo papepala. Anati P0300 ndi abale ake amanena kuti mafuta sakupsa bwino mu injini, ndipo 2 wakumapetoyo akuloza silinda yachiwiri. Sananditume kusitolo ayi. Anamasula koyilo (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) ya silinda yachiwiri, n'kuisinthanitsa ndi ya yachitatu, kenako anati, "Achimwene, tazungulirani mpaka ku msika mubwerenso." Pobwera, makina analemba P0303. Vuto linali litasamuka limodzi ndi koyilo. Ndinagula koyilo imodzi yokha, mpaka lero nyali ili zii.

Chimene ndinatolapo n'chakuti nambala ija siitchula chitsulo choti ugule, imangokulozera koyambira kufufuza. Tengani P0171, yomwe imavutitsa anzanga angapo pa siteji pathu. Imanena kuti mu injini mukulowa mpweya wopitirira muyeso poyerekeza ndi mafuta. Koma chifukwa chake chingakhale fumbi lomwe lamata kasensa koyeza mpweya kuseri kwa fyuluta ya mpweya, ndipo amene amayenda msewu wa ku Chamama m'chilimwe akudziwa fumbi lomwe ndikunena. Ingakhale paipi ya labala yong'aluka, ingakhale pampu ya mafuta yotopa, kapena zinyalala za mafuta a m'zigubu omwe timagula pa nthawi yosowa. Makaniko wothamangira kunena kuti gulani sensa ya ku ekizozi asanayang'ane zonsezi akungodyetsa ogulitsa masipeya.

China chimene ambiri sitidziwa: nyali ikamaphethira, osati kungoyaka, imani. Mafuta osapsa amakhala akupita ku ekizozi, kukaotcha catalytic converter, chitsulo choyeretsa utsi, chodula kwambiri kuposa koyilo.

Kwa anzanga madalaivala, musalole kuti nambala ifufutidwe musanaione ndi maso anu. Ilembeni kapena ijambuleni pa foni, ndipo funsani kuti ayeza chiyani asanakutumeni kogula. Ine ndimasunga kabuku m'galimoto momwe ndimalembamo nambala, tsiku ndi makilomita.

Anyamata a m'magalajawa sindikuwada. Ambiri anaphunzira ntchito pa magalimoto akale opanda kompyuta, kamakinako anangogula koma palibe anawaphunzitsa kuwerenga zomwe kakunena. N'chifukwa chake ndikupempha a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kuti aganizireko zobweretsa maphunziro afupiafupi a zimenezi kuno ku Kasungu, ngakhale a masabata awiri, pa masiku omwe amakaniko athu angathe kusiya sipanala.

Dalaivala wa Sienta,
Mtunthama, Kasungu