Ana athu aphunzire zambiri za lithium kuposa kuiona ikuthetheka m'madzi

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndine mphunzitsi wa chemistry wopuma pa ntchito, ndimakhala ku Luchenza, ndipo ndili ndi pempho kwa akuluakulu amene amakonza silabasi ya sekondale.

Mwana wolemba MSCE mukamufunsa za lithium, sodium ndi potassium, amayankha zoloweza: ndi zitsulo zofewa, zimasungidwa m'mafuta, zikagwera m'madzi zimathetheka n'kutulutsa haidrojeni, ndipo potassium ndiye wolusa kuposa anzake. Nkhani imathera pomwepo. Mwanayo amachoka pa sukulu akuganiza kuti zitsulozi ndi zosangalatsira kalasi basi, pomwe ena mwa mapiritsi amene makolo ake akhala akukatenga ku chipatala anapangidwa mothandizidwa ndi lithium yomweyo.

Pali mamolekyu ena amene amabwera awiriawiri ngati nsapato, ya kumanja ndi ya kumanzere. Maatomu ake ndi omwewo, kulemera n'chimodzimodzi, koma ina siilowa pamene inzake imalowa. Akatswiri amati mamolekyu oterewa ndi chiral. Louis Pasteur anaziona mu 1848 pamene ankasankha ndi kapani timiyala ta mchere wa tartaric acid, ta mbali iyi uku, ta mbali inayo uko. Thupi lathu nalo limasankha mbali. Efavirenz, amene anali mu ma ARV a 5A omwe amayi oyembekezera anayamba kulandira kuno mu 2011, amagwira ntchito ndi mbali imodzi yokha. Wopanga mankhwala akasakaniza zinthu mwachisawawa amapeza theka la mbali yofunika ndi theka la mbali yopanda ntchito. Njira imene kampani ya Merck inapeza inali yogwiritsa ntchito lithium yomangirizidwa ku molekyu ina imene ili kale ndi mbali yake, kuti chopangidwacho chitsamire mbali imodzi. David Collum wa ku yunivesite ya Cornell ndi anzake anafufuza mmene maatomu a lithium amasanjikirana pamenepo, n'kupeza kuti zotsatira zimadalira kasanjidweko.

Abale ake a lithium yomangirizidwayi ndi ma lithium amide, momwe chitsulo chimagwirana ndi nayitrojeni. Wodziwika kwambiri ndi lithium diisopropylamide (LDA), amene ntchito yake ndi kuzula haidrojeni pa molekyu ina kuti papezeke polumikizira. Amide amene ali chiral amazula haidrojeni wa mbali imodzi n'kusiya winayo. Nigel Simpkins wa ku Britain ndi Kenji Koga wa ku Japan anasonyeza zimenezi mu 1986. Chimene chimandikoka mtima ine n'chakuti pa bolodi timalemba molekyu imodzi yoima payokha, koma m'botolo sizikhala choncho. Amagwirana awiriawiri, atatuatatu, anayianayi, nthawi zina mizere yotalika, malinga ndi madzi osungunulira (si madzi wamba ayi) amene mwawaikamo. Mukasintha madziwo, kasanjidwe kamasintha, ndipo mankhwala otuluka amasinthanso. Ndiponso n'zosalimba. Chinyezi pang'ono chabe chimaziwononga, n'chifukwa chake amazigwira m'magalasi odzaza ndi mpweya wa argon kapena nayitrojeni, kawirikawiri pa madigiri 78 pansi pa ziro. Ndi chifunga chathu cha chiperoni, botolo lotsegula silingachedwe n'komwe.

Tsono apa ndi pamene silabasi imasocheretsa ana osadziwa. Timawauza kuti zitsulo za gulu limodzi zimachita zofanana, kusiyana ndi ukali wokha. Ofufuza a ku yunivesite ya Monash ku Australia anayesa kuchotsa lithium n'kuikapo sodium kapena potassium pa ma amide ena otere, ndipo anapeza kuti molekyu imatha kudzisanjanso yokha. Haidrojeni amasamuka, kaboni amene ankasunga mbali ija amaphwatalala, ndipo mbali imene munaigula modula imatayika. Potassium ndi atomu yaikulu, sigwira nayitrojeni mothina ngati lithium, choncho imalola zinthu kusuntha. Wongoloweza kuti "gulu limodzi, khalidwe limodzi" sangazilote zimenezi.

Sindikunena kuti ana a Fomu 4 azigwira mankhwala oyaka okha. Sukulu zambiri za kuno labotale ilibe ndi gasi yemwe. Pempho langa ndi la phunziro limodzi kapena awiri pa mutu wa ma isomer (mamolekyu a maatomu omwewo koma osanjika mosiyana), umene uli kale m'buku. Dongo ndi timitengo ta machesi n'zokwanira: mpira umodzi pakati, ina inayi ya mitundu yosiyana m'mbali, mwana aumbe ziwiri zoyang'anizana ngati pa galasi, kenako ayese kuzifananiza. Amazitembenuza mpaka kutopa, zimakana. Mwana amene wazigwira ndi manja saiwala, ndipo ukamuuza za thalidomide, mankhwala a mbali ziwiri amene anachititsa ana oposa 10,000 kubadwa olumala asanachotsedwe pa msika mu 1961, amamvetsa. Pamenepa aphunzitsi asamale, chifukwa mabuku ena amati akanapereka mbali imodzi yokha bwenzi zonse zili bwino. Si zoona, pakuti thalidomide amasintha mbali yekha akalowa m'thupi.

Pempho lina lipite ku MUST, imene ili pa Ndata pano. Ophunzira a kumeneko atamayendera sukulu za Thyolo ndi Mulanje pa tchuthi, atanyamula zithunzi za mamolekyu amenewa pa kompyuta, zingathandize kwambiri. A Malawi Institute of Education ku Domasi, chonde lowetsani mutuwu pamene mukuunikanso silabasi ya chemistry.

Mphunzitsi wopuma,
Luchenza, Thyolo