Tatilemberani za jazi wojambulidwa pa siteji

Akonzi,

Ndili ndi kadandaulo pa tsamba lanu la zoimbaimba lija. Mukamalemba za oimba akale a jazi mumangotchula zimbale za mu situdiyo basi, pomwe kwa ine zokoma zenizeni zili mu zimbale zomwe ankajambula woimba ali pa siteji anthu akumuonerera.

Paja nyimbo zambiri za oimba amenewa zinachokera ku masewero a zisudzo a ku Broadway, New York, ndi mafilimu, ndiye aliyense amaimba yomweyomweyo, kusiyana kumangokhala pa mmene wayitengera usiku umenewo. Mu situdiyo ukalakwitsa amaimitsa tepi nkuyambiranso mpaka zikhale bwino. Pa siteji kulibe zimenezo.

Tamverani chimbale cha Ella Fitzgerald chomwe anajambula ku Berlin mu February 1960. Ali mkati moimba Mack the Knife mayiyu anaiwala mawu, koma osaima ayi, anangoyamba kupeka ake pompopompo, nkumawauza anthu mwa nyimbo yomweyo kuti zandithawa, kenako nkutsanzira mawu osasa aja a Louis Armstrong, bandi ikungomutsatira ngati anapangana, holo yonse m'manja waaa. Norman Granz wa kampani ya Verve anachitulutsa choncho osakonza ndipo chinabweretsa ma Grammy awiri, mphoto zikuluzikulu za oimba ku America. Akanakhala mu situdiyo bwenzi atafufuta, ife sitikanamva mutu wa Ella ukugwira ntchito mothamanga chonchija.

Sarah Vaughan nayenso ku Mister Kelly's, kalabu ya ku Chicago, mu 1957, anali ndi piyano, besi ndi ng'oma zokha. Pena kumamveka chinthu chikugundidwa pa siteji iye nkuchiika mu nyimbo anthu akuseka, umangomva ngati wakhala pa tebulo loyandikira. Chimbale cha Frank Sinatra cha ku hotelo ya Sands, Las Vegas, mu 1966 ndi china, kumbuyo kuli bandi ya Count Basie, Quincy Jones akutsogolera, malipenga kuchita kukankha munthu. Koma nthabwala zake zazitali za pakati zija ine ndimadumpha, pepani okonda Sinatra.

Chomwe timakangana ndi anzanga ndi cha Billie Holiday ku holo ya Carnegie Hall, New York, mu November 1956. Iwo amati mawu anali atatha kale, nzoona anali atatopa, ndipo Billie anamwalira mu 1959. Koma tamverani mmene amachedwetsera liwu, bandi yapita kale iye akubwera pambuyo mosapupuluma nkukagwera pamalo pake penipeni, zimenezo si za mphamvu ya kukhosi ayi.

Mukamalemba muwachenjezenso awerengi kuti si chimbale chilichonse chonena kuti ndi cha pa siteji chili choona. Cha Peggy Lee ndi George Shearing cha 1959 ankati anajambula pa msonkhano wa oulutsa mawu ku Miami, pomwe nyimbozo anaimbira mu situdiyo nkuphatikizamo m'manja pambuyo pake. Ngakhale cha Duke Ellington ku chikondwerero cha jazi cha ku Newport mu 1956, mbali zina anakajambulanso mu situdiyo, zenizenizo zinadzatuluka mu 1999.

Ndiye chonde tipatseniko ngakhale kagawo kamodzi pamwezi, chimbale chimodzi, anajambulira kuti, ankaimba naye ndani, ndipo m'manjamo ndi mwenimweni kapena moikira.

Wokonda jazi