Kwa a Nduna ya Zaumoyo: sikani ya ku sikelo ionenso manja othyoka

Olemekezeka a Nduna,

Ndine kalipentala, ndipo pempho langa ndi lokhudza manja. Ndikupempha kuti makina a sikani, omwe aja amayi oyembekezera amaunikidwa nawo, ayambe kugwiritsidwanso ntchito poona ngati fupa la m'dzanja lathyoka, makamaka m'zipatala zomwe mulibe X-ray kapena ilipo koma yagona.

Dzanja limodzi lili ndi mafupa 27, bwana. 8 ali polumikizira dzanja ndi mkono, 5 ali pachikhatho, 14 m'zala. Ndi timafupa tating'ono ndithu moti munthu akagwa pa kabaza nkutsamira dzanja, kapena akamenya khoma ndi chibakera nkuthyola kafupa ka kumunsi kwa chala chaching'ono, kunja kumangooneka kutupa basi, ndiye kuchipatala chaching'ono amangoti mwabinya, nayi panado, mukathowe ndi madzi otentha. Ofuna kujambulidwa awatumize ku boma, thiransipoti yake yekha, akafike kumeneko mwina magetsi kulibe, abwerenso mawa. Ambiri sabwerera, amangomanga kansalu nkumapirira.

Mnzanga wina wa pa shedi yathu zinamuchitikira choncho. Lero chala chake chamkombaphala chimakwera pamwamba pa chinzake akafumbata, hamala imamupulumuka, wasanduka wopala matabwa ndi sandipepa pomwe anali katswiri wa mipando. Fupa linalumikizana lokha koma mokhota.

Sikani ija imaona fupa, anthu ambiri sadziwa zimenezi. Apaka jelo pakhungu, ayendetsa kachipangizo kaja motsatira fupa, pa sikirini pamaoneka mzere woyera wowala, ndipo pomwe pathyoka mzerewo umaduka kapena kupanga sitepe, nthawi zina pambali pamaonekanso magazi omwe aundana. Palibe cheza ngati cha X-ray, ndiye mwana kapena mayi woyembekezera akhoza kuunikidwa opanda nkhawa. Masiku ano kulinso tating'ono tolowa m'thumba ngati Butterfly iQ, tolumikiza ku foni, totchaja ngakhale pa sola. Ku Australia anayesa pa ana 270 ovulala mkono, ena anayamba ndi sikani ena X-ray, zotsatira zinatuluka mu 2023 ndipo patatha masabata 4 mikono ya magulu onse awiri inkagwira ntchito mofanana. Umenewo unali mkono osati zala, ndikudziwa, koma zikuonetsa kuti si nkhambakamwa.

Sindikuti X-ray itayidwe ayi. Sikani imangoona pamwamba pa fupa, mkati simulowa, ndipo wosaphunzira bwino akhoza kuona mng'alu pomwe palibe, makamaka mwa ana omwe mafupa awo akukulabe. Fupa likasuntha kwambiri kapena likathyokera mu jointi, X-ray ndiyofunika basi. Palinso kafupa kovuta kotchedwa scaphoid, kali kumunsi kwa chala chachikulu, kamene kakathyoka nthawi zina sikaoneka ngakhale pa X-ray yoyamba, ndipo magazi amafikako movutikira moti kakanyalanyazidwa mbali ina imatha kufa, dzanja nkumapweteka moyo wonse. Munthu womva ululu akadinidwa pakadzenje ka m'munsi mwa chala chachikulu amangidwe chikhakha nkutumizidwa, kaya sikani yaonetsa kanthu kaya ayi. Koma enawa, sikani ithandize kusankha: uyu athamangire ku boma lero, uyu timumange pompano apite kwawo.

Anthu oti aphunzire ntchitoyi tili nawo kale. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer (ma clinical officer a za mafupa), ndipo ndi amene amasamalira othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma. Akatswiri a mafupa ali ku Queen Elizabeth, ku Beit CURE ku Blantyre, ndi ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe. Chonde akhale pansi ndi a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS komanso Malawi College of Health Sciences, phunziroli lilowe m'maphunziro a ma clinical officer, muyambe ndi maboma angapo, ndipo aliyense wounikidwa ndi sikani ajambulidwenso X-ray poyamba paja kuti tione ngati zikugwirizana kwathu kuno. Ndipo mukagula makinawo muikenso ndalama ya jelo ndi yokonzetsera akawonongeka, asamathere m'kabati.

Ine wanu,
Kalipentala wa ku Lilongwe