Usanalipire Barracuda ija

Mwana wanga,

Zithunzi za galimoto ukufuna kugula ija ndaziona pa foni ya mlongo wako. Ndi yokongola, sindikukana. Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi pepala lakale lotsatsa malonda limene wogulitsayo watumiza pamodzi ndi zithunzizo. Pepalalo ndi la ku America, ndipo likutamanda Plymouth Barracuda ya injini ya V8, ija ya masilinda 8. Koma galimoto imene yaima pakhomo pake ku Johannesburg chiwongolero chake chili kumanja, pomwe ku America chimakhala kumanzere.

M'zaka za m'ma 1960, pamene galimoto zimenezi zinkapangidwa, maiko ambiri ankaika msonkho waukulu pa galimoto yobwera yathunthu, choncho makampani ankatumiza zipangizo m'mabokosi kuti zikalumikizidwe komweko. Chevrolet Camaro inkalumikizidwa ku Antwerp m'dziko la Belgium, AMC Javelin ku Germany ndi ku Australia, Ford Mustang ku Mexico. Boma la South Africa linkafunanso kuti gawo lina la galimoto, poyeza kulemera kwake, likhale lopangidwa m'dzikomo. Barracuda ya kumeneko ankaigulitsa ndi dzina loti Valiant Barracuda, ndipo inkatuluka m'fakitale ndi injini ya masilinda 6 yopendekera mbali imodzi, ija amati Slant Six. Injini imeneyo ndimailemekeza, siifa wamba, koma si ya papepala paja. Ukatsegula boneti n'kupeza V8, ufunse amene anaiikamo ndi chaka chimene anaiikira, ndipo mtengo utsike.

Maina asakupusitse. Chevrolet SS imene inkalumikizidwa ku Port Elizabeth, kumene lero mukuti Gqeberha, inali Holden Monaro ya ku Australia yovekedwa dzina lina. Fairmont GT nayo inali Falcon GT ya ku Australia komweko. Ngakhale Mustang yeniyeni ku Germany ankaigulitsa ngati T-5, chifukwa dzina loti Mustang kampani ya Krupp inali italitenga kale.

Za otsatsa malonda a zaka zimenezo ndinene pang'ono, poti ndi amene akugwira mtima, monga anandigwirira ine ndili mnyamata. Anthu aja ntchito ankaidziwa. Ford inaonetsa Mustang pa chionetsero cha ku New York pa 17 April 1964, itailengeza usiku wa dzulo lake pa nyumba zonse zitatu zikuluzikulu za wailesi yakanema za m'dzikomo nthawi imodzi. Mtengo umene anaulemba m'nyuzipepa unali madola 2,368, ndipo chaka chisanathe anagulitsa zoposa 400,000. Koma mtengo umenewo unali wa galimoto ya masilinda 6, yopanda zowonjezera. Wofuna injini yaikulu ankapisanso m'thumba. Manambala a mphamvu nawo uziwawerenga mochenjera. Chisanafike chaka cha 1972 ankayeza injini ili payokha pa benchi, isakukoka zipangizo zimene imakoka ikakhala m'galimoto. Atasintha kayezedwe manambala anatsika, ngakhale pa injini zimene sizinasinthe kwenikweni.

Sindikuti uisiye. Valiant Barracuda ndi yosowa, ndipo chiwongolero cha kumanja n'choyenera misewu ya kumeneko ndi ya kuno. Ndikungofuna ulipire mtengo wa chimene chilipodi. Upite ndi makaniko wako, osati wa wogulitsayo. Muone kachitsulo kolembedwa nambala ya galimoto, muyerekeze ndi za pa mapepala, nambala ya injini chimodzimodzi. Utenge kamaginito kakang'ono uyendetse m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala akumbuyo. Pamene sikakugwira ndiye kuti anamata phala n'kupaka penti pamwamba pa dzimbiri. Utukule kapeti, ugogode pansi pake. Galasi lakumbuyo ulione bwino, chifukwa likasweka sukalipeza pa shopu ya pakona.

Amayi ako akufunsa ngati mkazi wako akudziwa ndalama imene ikupita pamenepa. Inenso funso langa ndi lomwelo, poti nyumba ya ku Area 25 ija sinafoleredwe. Ukambirane naye usanapereke ngakhale dipoziti, kenaka unditumizire chithunzi cha kachitsulo kaja ndi cha injini boneti ili yotsegula.

Apatse moni adzukulu anga.

Ndine bambo wako.