Kwa Bwana DC wa Thyolo: Yankhani Chikalata Makasu Asanalowe M'munda

Bwana DC,

Ndakulemberani poyera chifukwa nkhani ya malo yagawa achinyamata kuno pawiri. Ena akuti titsate malamulo: tilembe chikalata cha madandaulo, tidziwitse ofesi yanu, tigube mwabata mpaka pa boma. Ena akuti mapepala atikwana, tingodzuka mbandakucha ndi makasu, tikakhome zikhomo pamalo ogonera a esiteti, aliyense ayambe kuunga mizere yake. Ine ndili ndi oyambawo, koma mbali yathu ikuchepa mphamvu.

Pali anthu amene akangomva mawu oti thangata, ntchito yokakamiza ya pa maesiteti ija, amati tayamba kusankhana mitundu, zakale zidapita. Bwana, zakalezo ndi zomwe zidalemba malire omwe tikukanganiranawa. Mu 1893 atsamunda adamanga Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi kuti atseke njira ya akapolo yopita ku Quelimane. Adachita bwino. Koma m'zaka zomwezo Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankasainira azungu ochepa ma Certificate of Claim, zikalata za umwini wa malo, kuwapatsa dziko lomwe mafumu akuti adagulitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi adafikira pamalo amenewo. Kuti munthu amange kanyumba ndi kulima kachimanga, ankagwira mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho. Mweziwo sunkawerengedwa poona kumwamba ayi, unkawerengedwa pa tikiti. Ukalephera kumaliza ntchito yomwe wapatsidwa tsikulo, kapitawo sachonga, ndiye kuti tsiku lapita pachabe. Miyezi iwiri inkasanduka isanu kapena isanu ndi umodzi, nthawi yadzinja, munda wako ukumera tchire. Ukakana, akuthamangitsa. Thangata lidathetsedwa mu 1962, ndipo agogo omwe adaligwira ena akadali moyo m'midzimu.

Mnyamata wokuwa kuti "azungu achoke" sindimuwombera m'manja. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza aliyense posayang'ana khungu. Komanso tisanamizane: ogulitsa akapolo kuchigawo kuno ena adali mafumu akuda ngati Matipwiri, ndipo chikoti cha pa esiteti nthawi zambiri chinkakhala m'manja mwa kapitawo, mwana wa m'mudzi momwemo. Kuotcha tiyi kapena kugwetsa bulugamu usiku kumangolanga mayi wotchola tiyi yemwe mawa adzapeza ntchito palibe. Koma kunena kuti khungu ndi lomwe linkasankha mwini malo ndi wogwira thangata si tsankho, ndi mbiri.

Mbiri yomweyo ikutiuza zomwe zimachitika dandaulo likasowa womva. John Chilembwe adayamba ndi cholembera. Mu November 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za kutengera anthu akuda kunkhondo ya azungu, boma n'kuitsekereza kalatayo. Pa 23 January 1915 ku Magomero kudakhetsedwa mwazi. Mu 1953 kuno ku Thyolo mkangano udabuka pa nkhani ya malalanje pa esiteti ina cha ku Luchenza, zipolowe zidafalikira, anthu 11 adafa. Malalanje okha sakadapha anthu. Nkhani idali ya lendi ndi malo, yomwe komishoni ya Abrahams yofufuza za malo idali itaiona kale mu 1946. Mu 2016, a Vincent Wandale ndi People's Land Organisation adatsogolera anthu kukalowa m'malo a esiteti. Adamangidwa, koma njala ya malo sidamangidwe nawo.

Gawo 38 la malamulo aakulu aja limatilola kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida, ndipo lamulo la apolisi limati tikudziwitseni pasadakhale. Ife tidzatero. Chomwe ndikupempha n'chakuti chikalata chikafika, chisathere pa kujambulitsa chithunzi pakhonde. Itanani mafumu, eni maesiteti, a unduna wa malo ndi oimira achinyamatawo pabwalo limodzi, anthu akumva. Tiuzeni mahekitala omwe akugonera ndi angati, lizi yake ikutha liti, ndipo malamulo a malo a 2016 akutipo chiyani. Ngati yankho lili loti ayi, nenani ayi ndi chifukwa chake, molemba, komanso m'Chichewa.

Mvula yoyamba isanagwe, tipatseni tsiku la msonkhanowo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Thyolo